Kamba wa Munthu Wosachoka Pakhomo

Aliyense amene anakhalapo mumzinda wa Blantyre, nazolowera kudzuka m'mbandakucha nkhungu isanachoke paphiri la Soche, akudziwa khamu lija la anthu lotsika m'zitunda zozinga mzindawu: ena ochokera ku Ndirande kulinga ku mafakitale a ku Makata ndi ku Ginnery Corner, ena ochokera ku Chilomoni ndi ku Mbayani kulinga m'maofesi a mumsewu wa Victoria, enanso otsetsereka kuchokera ku Bangwe kukatsegula masitolo a ku Limbe, ndipo ngati munthuyo ali ndi maso openya zazing'ono, anaonanso kuti ochuluka mwa apaulendowa sayenda chimanjamanja, pakuti uyu wafumbata mbatata yophika m'kapepala, uyo wanyamula chinangwa, winayo ali ndi mtedza wokazinga m'thumba la malaya kapena thobwa m'botolo. Chakudya chotere makolo athu anachitcha kamba, ndipo mayi wosamala banja sankalola kuti mwamuna wake kapena mwana wake atuluke pakhomo kunka kumunda, kumsika kapena kuntchito wopanda kanthu kogwiriziza mimba, podziwa kuti khasu limalemera kawiri m'manja mwa munthu wanjala.

Koma masiku athu ano abala wantchito wa mtundu wina, amene makolo aja sanamuganizire. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utawopsa dziko lonse lapansi, boma linalengeza kuti dziko lathu lili pangozi, sukulu zinatsekedwa, ndipo pa 2 Epulo kunamveka kuti matendawo apezeka m'Malawi muno. Lamulo lotsekera anthu onse m'nyumba kwa masiku 21 linaimitsidwa ndi Bwalo Lalikulu la Milandu, amalonda a m'misika atadandaula kuti njala iwapha matendawo asanawapeze. Komabe maofesi ambiri anauza antchito awo kuti azisinthana masiku, ena nagwirira ntchito kwawo. Mliri unapita, koma chizolowezi chinatsala, kotero kuti lero ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe, ku Chitawira, ku Kanjedza ndi ku Machinjiri, kuli owerengera ndalama, omasulira zinenero, atolankhani, aphunzitsi ndi ogulitsa malonda pa intaneti, amene ulendo wawo wonse wopita kuntchito uli mapazi khumi, kuchokera kuchipinda chogona kufika patebulo pamene pali laputopu. Tikawawerengera pamodzi ndi atelala osoka pakhonde ndi amayi oluka m'nyumba, amene anayamba kale kugwirira ntchito pakhomo dzina lake lisanatchuke, tipeza kuti khamu lawo si laling'ono.

Munthu angayese kuti wantchito wotere ndiye wodala pa nkhani ya kudya, popeza khitchini ili pafupi; koma zimene ndaona mwa ine mwini ndi mwa anzanga n'zosiyana ndithu. Wina amamira m'ntchito kuyambira m'mawa, msonkhano wa pakompyuta ukutsatana ndi unzake, kufikira dzuwa litapendeka pa Michiru iye asanalawe kanthu, mutu ukuwawa ndi mtima utafupika. Winanso, pomva kuti zakudya zili pafupi, amanyamukanyamuka, uku mandasi, uku chakumwa cha shuga, uku tchipisi cha pachiwaya chotumitsa mwana, naiwala kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Onse awiriwa alakwa pamodzimodzi: aiwala kuti wogwira ntchito pakhomo ndi wapaulendo ndithu, ngakhale sakwera minibasi, ndipo ayenera kukonzeratu kamba wake m'mawa monga ankachitira atate wake. Mwa zakudya zoyenera ntchito imeneyi ndifuna kutchulapo chimodzi chachilendo, chimene ambiri timachilambalala m'sitolo poyesa kuti n'cha azungu ndi olemera okha, ndicho tchizi chodyera pamodzi ndi mabisiketi amchere.

Mkaka wosungidwa ndi mkate wouma

Tchizi ndi mkaka umene wachotsedwa madzi kuti ukhalitse. Mkaka ukathiridwa chowawasa, kapena mankhwala achilengedwe opezeka m'chifu cha mwana wang'ombe woyamwa, umagwirana nulekana ndi madzi ake; zogwiranazo amazitsanula, nazithira mchere, nazipanikiza, ndipo zina amazisunga miyezi ingapo kapena chaka kuti zikhwime ndi kukoma. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tchizi cholimba pafunika mkaka wokwana malita pafupifupi 10, ndipo apa ndi pamene pagona chifukwa cha kukwera mtengo kwake, komanso chifukwa cha mphamvu yake: kachidutswa ka magalamu 30, kolingana ndi bokosi la machesi, kachokera mumkaka wodzaza kapu yaikulu, ndipo zomanga thupi zimene zili m'menemo zikulingana ndi za dzira limodzi, kuwonjezapo kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano. Mayina amene timawerenga pamapaketi ndi mayina a malo: Cheddar ndi mudzi wa m'chigawo cha Somerset ku England, ndipo Gouda ndi mzinda wa ku Netherlands kumene alimi ankadza kudzagulitsa tchizi chawo pamsika.

Owerenga Buku Lopatulika akumbukira kuti chakudyachi si cha dzulo. Pamene Yese anatuma Davide, mwana wake wamng'ono, kukazonda abale ake kunkhondo yolimbana ndi Afilisti, anamsenzetsa tirigu wokazinga ndi mikate khumi ya abale akewo, ndiponso zigawo khumi za tchizi zokapereka kwa mtsogoleri wawo. Taonani tsono, kamba amene mbusa uja ananyamula pa tsiku lokomana ndi Goliati anali wa mtundu womwewu: chouma cha tirigu ndi mkaka wosungidwa, zinthu zosafuna moto, zosachedwa kudya, ndi zosavunda msanga panjira.

Mabisiketi amchere nawo anabadwira paulendo. Amalinyero akale, pokhala miyezi yambiri panyanja, ankanyamula mkate wa ufa ndi madzi wowotchedwa kufikira utauma gwa, kuti nkhungu isaugwire. Ndipo ophika mkate a m'zaka zotsatira anaufewetsa, naupepuza, kufikira mu 1885 kampani ya Jacob mumzinda wa Dublin ku Ireland inayamba kugulitsa mabisiketi aja a ngodya zinayi amene pamapaketi amalembapo kuti cream crackers. Muli ufa wa tirigu, mafuta pang'ono, mchere ndi chotupitsa. Ndipo timabowo timene mumaona pamwamba pake si tokometsera, koma n'totulutsira nthunzi powotcha, kuti bisiketiyo ikhale yafulati ndi youma mpaka m'kati. Mabisiketi si achilendo mumzinda uno, pakuti kampani ya Universal Industries yakhala ikuphika mabisiketi ku Blantyre konkuno kwa zaka zambirimbiri; chimene ambiri sitinachizolowere ndicho bisiketi yosatsekemera, yoyembekeza ndiwo monga nsima iyembekezera ndiwo.

Ndipo fanizo la nsima ndi ndiwo ndilo limasulira bwino chifukwa chake ziwirizi ziyenerana. Bisiketi payokha, pokhala ya ufa woyera, imagayika msanga, shuga wa m'magazi nakwera mofulumira ndi kutsikanso mofulumira, njala nibwerera ola lisanathe. Koma mafuta ndi zomanga thupi za m'tchizi zimachedwetsa chakudya m'mimba, kotero kuti mphamvu imatuluka pang'onopang'ono ngati moto wa chikuni chachikulu. Sindinena izi pofuna kunyoza nsima, imene inatilera tonse ndipo malo ake pa mgonero palibe chowalanda. Koma amene anadyapo mitanda itatu masana a mwezi wa Okutobala, nabwerera kukawerengera ndalama za eni, akudziwa tulo timene timatsata, ndipo adzavomereza kuti ntchito ya mutu imafuna chakudya chopepuka ndi chokhalitsa. Palinso phindu lina kwa iwo amene mkaka wamadzi umawatsegula kapena kuwatupitsa m'mimba: tchizi cholimba chimene chakhwima nthawi yaitali chimakhala ndi shuga wa mumkaka wochepa kwambiri, ndipo ambiri otere amachidya popanda vuto.

Muyeso wake

Walira mvula walira matope, ndipo chakudya ichi chili ndi matope ake. Gawo limodzi mwa magawo atatu a tchizi cha Cheddar ndi mafuta, ndipo mchere ulimo wambiri, monganso m'mabisiketi. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, ndiwo pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo zonse. M'dziko limene matenda a kuthamanga kwa magazi ndi shuga akutilanda abale athu ali m'zaka zawo za ntchito, munthu wokhala pampando tsiku lonse sayenera kuchita nkhuli ndi zinthu izi. Muyeso wabwino ndi bokosi la machesi lija la tchizi ndi mabisiketi atatu kapena anayi, kamodzi kapena kawiri patsiku. Ndipo muyesowo uikidwe m'mbale, paketi ibwezedwe m'kabati, pakuti dzanja la munthu amene maso ake ali pakompyuta silidziwa kuwerenga.

Muyeso womwewu ndiwo uyankha funso la mtengo. Tchizi chambiri cha m'masitolo a ku Chichiri, a m'tauni ndi a ku Limbe chimachokera kunja, makamaka ku South Africa, ndipo pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wodzera pachipata cha Mwanza anakwera mtengo. Koma amene agula chidutswa cha magalamu 250, nachigawa monga ndanenera, apezamo magawo asanu ndi atatu, okwanira sabata yonse ya ntchito ndi kutsalako ngati adya kamodzi patsiku. Ndipo akachipala ndi chopalira m'malo mochidula zikuluzikulu, chochepa chimafalikira pamabisiketi ambiri. Tchizi chiyesedwe ngati nsinjiro m'ndiwo zamasamba, zimene sitidya ndi chipande, koma zimakometsa mphika wonse.

Mlendo akhale pamphasa yathu

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo wabwino amadyanso za eni mudzi, ndipo m'dera lino zomulandira nazo sizisowa. Miyezi yoyamba ya chaka, mapeyala a ku Thyolo ndi ku Mulanje akadzaza mumsika wa Limbe, phwanyani theka la peyala ndi foloko, finyiranipo ndimu, pakani pabisiketi, ndipo muwazepo tchizi chopala. Tomato wa ku Bvumbwe wodulidwa mopyapyala, ndi kachidutswa ka anyezi, ndi dontho la tsabola wa Nali kapena kambuzi wa kuseri kwa nyumba, amadzutsa munthu amene waodzera pamanambala kuposa kapu yachitatu ya khofi. Chiponde chopakidwa pang'ono ndi timagawo ta nthochi chimakwana ngakhale tsiku limene tchizi chatha, malinga mtedza wake ukhale wosankhidwa bwino, wopanda chuku. Chinanazi cha ku Mulanje chimagwirizana ndi tchizi chamchere modabwitsa, chimodzimodzinso dontho la uchi; ndipo m'nyengo yozizira, manachesi a ku Mwanza akafika ndi chiperoni chikaphimba mzinda, mbale ya mabisiketi anayi, tchizi, nachesi limodzi ndi kapu ya tiyi wotentha wa m'minda ya ku Thyolo ndi chakudya chimene ngakhale mfumu singachikane.

Aphungu a zaumoyo m'dziko muno amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Onani kuti kambale kamodzi ka bisiketi, tchizi, mtedza, tomato, chipatso ndi peyala kasonkhanitsa magulu onsewo, popanda kukoleza mbaula, popanda kutsuka mphika, ndi m'mphindi zisanu zokha. Mfundo ya moto si yaing'ono kwa ife amene magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndipo amene anagwira ntchito pakhomo m'chaka cha 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira m'mwezi wa Januwale, akukumbukira masiku amene batire la laputopu linali chuma chosungidwa mwansanje, ndipo ola lililonse lotayidwa pophika linali ola lochotsedwa pantchito.

Mkaka wa kwathu

Koma mtima wanga sukhazikika pa tchizi chodzera kumalire pamene ng'ombe za mkaka zili pakhomo pathu. Zitunda za Shire ndizo nkhokwe ya mkaka wa dziko lino: ku Thyolo, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi m'midzi yozungulira Blantyre, alimi ang'onoang'ono, ambiri a iwo a ng'ombe imodzi kapena ziwiri za m'khola, amalawirira ndi zigubu panjinga kunka kumalo oziziritsira mkaka a magulu awo, amene ali pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Mkaka umenewo timaumwa m'tiyi, timaudya ngati chambiko ndi yogati. Ndipo chambiko chomwecho chili pakhomo penipeni pa tchizi, pakuti mukachithira m'kansalu koyera, nimuchipachika pozizira kuti madzi adonthe kwa maola angapo, chotsalacho ndi tchizi chofewa chopaka, chofuna kamchere pang'ono ndi anyezi wamasamba basi.

Njira ina ndi imene mabanja a Amwenye, amene akhala akuchita malonda ku Limbe kwa mibadwo ingapo, amaidziwa kuchokera kwawo, ndipo chotulukapo amachitcha paneer. Wiritsani malita 2 a mkaka, kufikira utabwata ndithu, pakuti mkaka wosawiritsa ungathe kunyamula chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena. Uphuleni, nimuthiremo madzi a mandimu okwana masupuni aakulu anayi, mukutakasa modekha. Mudzaona mkaka ukugawikana, zoyera zikuyandama m'madzi achikasu. Tsanulirani m'kansalu koyera koyala pasefa, wazani mchere pang'ono, mangani kansaluko, nimutsendereze ndi poto wodzaza madzi kwa ola limodzi kapena awiri. Mudzapeza chibuma choyera cholemera kota ya kilogalamu kapena kuposerapo, chodulika ndi mpeni, chokoma ndi tomato ndi tsabola. Ndipo madzi achikasu aja musataye, koma muphikire phala kapena mukandire ufa.

Mabisiketi nawo satheka ndi fakitale yokha. Makapu awiri a ufa wa tirigu, masupuni aakulu anayi a mafuta ophikira, theka la supuni yaing'ono ya mchere ndi madzi okwanira kukanda zolimba ndizo zonse zofunika. Ndipo popeza tirigu wambiri amene timadya amagulidwa kunja, gawo lina la ufawo lingathe kukhala la chinangwa kapena mgaiwa wosefa. Yalani ndi botolo kufikira zitapyapyala ngati chikuto cha buku, dulani timagawo, boolani ndi foloko, ndipo muwotche mu uvuni wotentha mphindi 10 mpaka 15, kapena m'poto wa makala pansi ndi pamwamba monga amayi athu amaphikira chigumu. Ntchito ya Loweruka masana imadyetsa munthu sabata yathunthu, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kusunga kwake kufuna nzeru pang'ono. Mabisiketi adani awo ndi chinyezi cha chiperoni ndi nyerere, motero akhale m'chitini kapena m'botolo lotsekeka bwino. Tchizi cholimba chikulungidwe m'pepala loyera, chiikidwe m'kabokosi m'furiji. Magetsi akathima, chitseko cha furiji chisatsegulidwe kawirikawiri, pakuti furiji yotseka imasunga kuzizira kwake maola anayi kapena kuyandikira apo. Nkhungu ikamera pangodya ya tchizi cholimba, dulani motaya, kupyola pamene nkhunguyo yalekeza ndi mulingo wa chala chachikulu m'mimba mwake, ndipo chotsalacho n'chodyeka. Koma tchizi chofewa chopangira pakhomo chidyedwe m'masiku awiri kapena atatu ngati chili m'furiji, tsiku lomwelo ngati furiji palibe, ndipo chikasintha fungo kapena maonekedwe chitayidwe chonse osachimvera chisoni.

Ulemu wa chakudya

Chotsala n'chimene ndichiyesa chachikulu koposa zonsezi. Mlimi akafika nthawi ya nkhomaliro ankaimika khasu, nasamba m'manja, nakhala pamthunzi. Kalaliki wa masiku a kampani ya Mandala ankatseka buku lake natuluka panja. Ndipo palibe mwa iwo amene ankatafuna dzanja lina likugwira ntchito. Wogwira ntchito pakhomo ali pangozi yotaya malire amenewa, kufikira tebulo lodyera lisanduka ofesi, ndi ofesi nilowa mpaka kuchipinda chogona. Chifukwa chake ndikupemphani, abale anga, kuti ikakwana 10 koloko m'mawa, kapena 3 koloko masana pamene maso ayamba kulemera, mutseke laputopu, musambe m'manja, mutenge kambale kanu ndi kapu ya madzi kapena tiyi, nimutuluke kukakhala pakhonde mphindi khumi, maso anu apume poyang'ana phiri la Ndirande, la Soche kapena la Mpingwe, lililonse limene Mulungu anaika moyang'anana ndi khomo lanu.

Ndipo popeza muli pakhomo, simudzakhala nokha. Mwana wobwera kusukulu adzaima pafupi, mayi wokuthandizani ntchito za m'nyumba adzakhala akuchapa kuseri, mlonda kapena mnyamata wosamala maluwa adzadutsa. Ndipo si mwambo wathu kudya wina akuyang'ana. Podula tchizi m'mawa, dulani ndi gawo lawo lomwe, ngakhale likhale laling'ono, pakuti kupatsa n'kuika. Mayi uja amene ankamangira mwamuna wake mbatata m'kapepala, tambala asanalire kachiwiri, ankamuuza mwa ntchito ya manja ake kuti thupi lake ndi la mtengo wake, ndi kuti akumuyembekeza madzulo ali wamphamvu. Ife amene ulendo wathu wafupika kufikira mapazi khumi tiyenera kudzichitira tokha chifundo chomwecho, ndi kuwachitiranso amene tikhala nawo, tsiku lililonse ntchito isanayambe.